Msonkho wa Phiri: Mbiri ya Maulendo m'Zitunda za Dowa ndi Ntchisi

Munthu wochoka ku Lilongwe kulowera ku Salima amayamba kuona kusintha kwa dziko akangodutsa pa Chankhungu. Minda yambalambanda ya fodya ndi chimanga imatsalira kumbuyo, msewu umayamba kukhotakhota, ndipo pofika pa Chezi ndi pa Mvera amakhala atalowa pakati pa mapiri a Dowa. Chakumpoto kwa mapiri amenewa kuli phiri la Ntchisi, limene nsonga yake ili pa mamita opitirira 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Tsiku lopanda nkhungu, munthu woima m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi amaona madzi a nyanja akunyezimira kum'mawa. M'miyezi ya Ogasiti ndi Sepitembala mitengo ya tsamba ndi mombo imaphukira masamba ofiira, ndipo alendo amaimika galimoto zawo kuti ajambule zithunzi. Koma dalaivala amene amayenda m'misewu imeneyi tsiku ndi tsiku maso ake amakhala pa muvi wa mafuta ndi wa kutentha kwa injini, ndipo potsika mtsetse amakhala tcheru kuti amve fungo la mabuleki akayamba kupsa.

Chimene chidandichititsa kufufuza mbiri ya misewu imeneyi ndi funso la wophunzira wanga kumadrasa. Tinkaphunzira za swala ya munthu wapaulendo. Ndidafotokoza kuti m'madh-hab a Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri a m'dziko muno amatsatira, munthu amaloledwa kufupikitsa swala za marakaa anayi ulendo wake ukakwana marhala awiri, ndiye kuti mtunda umene ngamira zosenza katundu zinkayenda masiku awiri, makilomita opitirira pang'ono 80. Mnyamata wina adadabwa nati, "Koma a Mwalimu, kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo timayenda maola awiri okha. Nanga kuvuta kwa ulendo kuli pati?" Ndidamuyankha za lamulolo monga momwe maulama adalifotokozera, koma funso lake lidanditsalira mumtima. Kuvuta kwa ulendo wa m'mapiri sikudathe. Phiri limalipiritsa aliyense wokweza katundu pamwamba pake kapena womutsitsa, ndipo mbiri ya Dowa ndi Ntchisi ya zaka 180 zapitazi ikuonetsa kuti chimene chakhala chikusintha ndi amene akulipira msonkhowo.

Njira ya minyanga ndi akapolo

Cha m'ma 1840, Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah adakhazikika ku Nkhotakota, ndipo iye ndi amene adamulowa m'malo adadziwika ndi dzina laudindo loti Jumbe. Kuchokera padoko limeneli, zombo zamatanga zinkawolotsa katundu kupita kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, kumene anthu ankamusenza mpaka ku Kilwa, m'mphepete mwa nyanja ya India. Njira yolowera kumadzulo inkakwera zitunda za kumpoto kwa phiri la Ntchisi kupita kwa Mwase ku Kasungu, n'kupitirira kuchigwa cha Luangwa. David Livingstone adaitsata njira imeneyi mu 1863 atachoka kwa Jumbe. Pokwera, amalonda ankanyamula nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Potsika ankanyamula minyanga ya njovu, ndipo kawirikawiri anthu osenza minyangayo nawonso adali malonda okagulitsidwa.

Pano Msilamu wowerenga mbiri ayenera kulankhula mwachilungamo, ngakhale chilungamocho chikumuwawa. Njira imene idabweretsa Shahada, swala, malemba a Chiarabu ndi ulimi wa mpunga m'mphepete mwa nyanja ndi yomweyo imene idadutsa anthu omangidwa m'magoli. Ambiri mwa iwo adali mfulu zogwidwa m'midzi mwawo popanda mlandu. Chisilamu sichidalolezepo zimenezo. Mu Sahih al-Bukhari muli hadith yophunzitsa kuti wogulitsa mfulu n'kudya ndalama yake ali m'gulu la anthu amene Allah Mwini adzatsutsane nawo pa Tsiku la Chiweruzo. Tikamanyadira kuti Nkhotakota ndi limodzi mwa makomo amene Chisilamu chidalowera m'dziko muno, tizikumbukiranso mapewa amene adatupa ndi minyanga pazitunda zija. Msonkho woyamba wa phiri udalipiridwa ndi matupi a anthu amene sadafunsidwe.

M'nthawi yomweyo Angoni a Chiwere adakhazikika m'mapiri a Dowa, ndipo nkhondo zawo zidathawitsa Achewa ambiri. Ena adakabisala m'nkhalango yowirira ya paphiri la Ntchisi, mmene lero alendo amapitamo kukaona mbalame ndi mitengo ikuluikulu. Kwa anthu a nthawi imeneyo, kusowa kwa njira yabwino kudali chitetezo. Mudzi wofikirika mosavuta udali mudzi wogwidwa mosavuta.

Nyengo ya tengatenga

Mu 1889 Harry Johnston adapangana pangano ndi Jumbe wa nthawiyo, ndipo mu 1891 dziko lino lidalowa pansi pa ulamuliro wa Britain. Pasanathe zaka zambiri Jumbe womaliza adachotsedwa paudindo n'kutumizidwa ku Zanzibar. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adatsegula Mvera mu 1889 ndi Kongwe mu 1894, ndipo boma lachitsamunda lidamanga ofesi yake pa Dowa. Malonda a akapolo adatha, koma katundu adachuluka kuposa kale. Sitima zapamadzi zinkatsitsa katundu padoko la Domira Bay, chakumpoto kwa Salima, ndipo kuchokera pamenepo zonse zinkakwera mapiri pamitu ya anthu: malata, mchere, nsalu, mabuku, mankhwala, kupita ku Mvera, ku Dowa, ku Lilongwe, mpaka ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata.

Anthu osenzawo ankatchedwa atengatenga. Mtolo wa munthu mmodzi unkalemera pafupifupi makilogalamu 25. Azungu ambiri ankayenda ali gone m'machila, onyamulidwa ndi amuna osinthanasinthana. Chimene chinkakokera amuna kuntchito imeneyi kwenikweni ndi msonkho wa nyumba, umene boma linkafuna kuti ulipiridwe ndi ndalama, pamene ndalama m'midzi mudalibe. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino adatengedwa kukasenza chakudya ndi zida za asilikali olimbana ndi Ajeremani. Ambiri adafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo, ndipo m'midzi mudatsala minda yopanda olima. M'chaka chomwecho cha 1914, pafupi ndi nkhalango ya Ntchisi padamangidwa nyumba yoti mkulu wa boma azikapumulako pothawa kutentha kwa kunyanja, ndipo nyumbayo lero ndi malo ogona alendo. Kuzizira kumene kudakopa bwana ndi komweko kumene kunkagwetsa mtengatenga wogona panja wopanda chofunda.

Tikawerengera, lole yonyamula matani atatu imatenga katundu wa amuna 120. Choncho munthu wodandaula lero ndi utsi wa lole yokwera chitunda cha Mvera akumbukire kuti injini imeneyo idatula mtolo pamitu ya agogo athu. Galimoto ndi mtendere wochokera kwa Allah, ndipo n'koyenera kumuthokoza chifukwa cha iyo.

Kubwera kwa galimoto

Mawu akuti galimoto ali ndi mbiri yawoyawo. Adachokera ku Chiswahili, pamene "gari" ndi ngolo, ndipo "moto" ndi moto womwewu. Aswahili nawo adalandira mawu oti "gari" kwa amalonda a ku India. Motero dzina la chinthu chimene timakwera tsiku ndi tsiku lidayenda njira yakale ya nyanja ya India lisanafike m'kamwa mwathu.

Galimoto zidayamba kuchuluka m'dziko muno nkhondo yoyamba ija itatha. Zidali zofooka tikaziyerekeza ndi za lero. Ford Model T, imene idapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927 n'kufalikira m'maiko ambiri, idalibe pampu yokokera petulo. Mafuta ankangotsika okha kuchoka m'thanki kupita ku injini, kotero kuti pachitunda chachikulu, thanki ikakhala yosadzaza, injini inkazima, ndipo madalaivala ankakwera chitundacho chobwerera m'mbuyo. Misewu idali ya dothi, yolimidwa ndi makasu, milatho yambiri idali ya mitengo, ndipo mvula ikakula mitsinje ngati Bua ndi Lumbadzi inkadula maulendo masiku angapo.

Chimene chidakokera malole ku Dowa ndi fodya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, azungu awiri, Barron ndi Wallace, adayamba kugawa mbewu ya fodya wa chikopa kwa alimi a ku Lilongwe ndi Dowa n'kumawagula zokolola zawo. Ulimiwo udakula msanga kotero kuti mu 1926 boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziwuyang'anira. Poyamba fodya ankayenda ulendo wautali wa pamsewu kudzera ku Dedza ndi Ntcheu mpaka ku Limbe. Mu 1935 njanji idafika ku Salima, chaka chomwecho chimene mlatho wa sitima pa Zambezi udatsegulidwa, ndipo msewu wotsika mapiri a Dowa udasanduka mtsempha wa malonda a chigawo chapakati. Malole ankatsika ndi fodya ndi mtedza, n'kukwera ndi nsalu, sopo, palafini ndi petulo wa m'migolo.

M'nyengo imeneyi amalonda a Chimwenye, ambiri mwa iwo Asilamu ochokera ku Gujarat, adatsegula sitolo m'malo amalonda a m'mbali mwa misewu. Pakhonde la sitolo pankakhala telala, ndipo kawirikawiri ankakhala Myao wochokera kunyanja kapena kummwera. Ena ankagwira ntchito zoyendetsa ndi kukonza malole. Umu ndi momwe timagulu ta Asilamu tidayambira kuoneka m'matauni ang'onoang'ono a kumtunda, kutali ndi Nkhotakota ndi Mangochi. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidalamula kuti Amwenye achoke m'madera a kumidzi n'kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Sitolo zambiri zidatsekedwa, malole amene ankafika kumidzi adachepa, koma mizikiti ndi mabanja a Asilamu a dziko lino adatsala.

Mabasi, phula ndi mafuta ochokera kutali

Amene tidakula m'zaka za m'ma 1980 timakumbukira basi ya UTM, imene inkadutsa kamodzi kapena kawiri patsiku, pamwamba pake patadzaza njinga, matumba ndi madengu a nkhuku. Mu 1989 kampani ya Stagecoach idatenga mabasiwo, kenako adadzatchedwa Shire Bus Lines, mpaka kampaniyo idatha. Kusamukira kwa likulu la dziko ku Lilongwe mu 1975, kufika kwa njanji yochokera ku Salima mu 1979, ndi kutsegulidwa kwa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi mu 1983 zidachititsa kuti Dowa akhale pakhomo pa mzinda waukulu. Mponela ndi Madisi, pokhala pamsewu wa M1, zidakula. Koma Dowa boma ndi Ntchisi boma, imene kale inkatchedwa Visanza, zidatsalira pambali, ndipo anthu ake adadikira phula zaka zambiri. Msewu wa Lumbadzi, Dowa ndi Chezi udakhala ukulonjezedwa, kuyambidwa ndi kuimitsidwa kwa nthawi yaitali usanathe. Chikhalirecho, kuyambira 1994 msewuwu unkatumikiranso msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, malo amene kale adali ndende ya andale, ndipo lero mukukhala anthu opitirira 50,000, kuphatikizapo abale athu m'Chisilamu ochokera ku Somalia, Burundi, Congo ndi maiko ena.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, maminibasi ndi matola zidalanda ntchito ya basi yaikulu. Pambuyo pake padabwera galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, ngati Toyota Sienta ndi Probox, kenako njinga zamoto za kabaza zimene lero zimafika m'makhwalala mosafika lole. Mlimi wa soya kapena mbatata ya kachewere wa ku Malomo kapena kwa Chinthembwe tsopano angathe kufikitsa mbewu zake pamsika tsiku lomwelo. Ngakhale njovu zayenda pagalimoto: mu 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks lidasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete kukaziika m'nkhalango ya Nkhotakota, dera lomwe lija limene minyanga inkatsikiramo pamapewa a akapolo.

Koma walira mvula walira matope. Mtengatenga ankayenda ndi nsima ya chimanga cha m'munda mwake, pamene galimoto imamwa mafuta amene dziko lathu lilibe. Lita iliyonse imachokera kunja kudzera m'madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo imagulidwa ndi ndalama zakunja. Thanki yochokera ku Dar es Salaam imayenda makilomita opitirira 1,500, kukwera mapiri a Chiweta ndi kudutsa pa Madisi ndi pa Mponela isanafike ku Lilongwe. Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, dziko lidaona kuopsa kodalira njira zochepa. Kuyambira 1982, fakitale ya ku Dwangwa yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, amene amasakanizidwa ndi petulo kuti mafuta ogula kunja achepeko. Komabe mu 2011 ndi 2012 mafuta adasowa kwambiri, galimoto zinkagona pamizere masiku angapo, ndipo vutoli lidali limodzi mwa zifukwa za zionetsero za pa 20 Julayi 2011, pamene anthu pafupifupi 20 adaphedwa. Mizere idabwereranso kuyambira 2022, ndipo mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti. Nthawi iliyonse yotere, madera a m'mapiri ndi amene amamva ululu woyamba, chifukwa malo omwetsera mafuta ndi ochepa ndipo misewu yake imamwa mafuta ambiri.

Zimene phiri limachita ku galimoto

Msonkho wa phiri ungathe kuwerengedwa. Kukweza galimoto yolemera makilogalamu 1,500 pachitunda cha mamita 500 kumafuna petulo pafupifupi lita imodzi, kuwonjezera pa amene galimotoyo ikadamwa pamtunda womwewo ukadakhala wosalala. Katundu akachuluka, mafutanso amachuluka molingana. Komanso kumtunda mpweya ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi peresenti imodzi ya mphamvu zake pa mamita 100 alionse okwera, kotero kuti pa mamita 1,400, monga m'madera okwera a Dowa ndi Ntchisi, imakhala itataya gawo limodzi mwa magawo 7. Madzi nawo amawira msanga, pa madigiri pafupifupi 95. N'chifukwa chake chivundikiro cha rediyeta chotha mphira, chimene chikadapirira kunyanja, chimawiritsa injini pachitunda. Amakaniko ena amachotsa thermostat poganiza kuti akuchiza kutenthako, koma zotsatira zake n'zakuti injini imayenda yozizira m'mawa wa Juni ndi Julayi, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga. Fumbi la m'chilimwe limatseka sefa ya mpweya, matayala osakhuta mpweya amalemetsa galimoto, ndipo dizilo wosakanizidwa ndi palafini wa m'zigubu amawononga pampu.

Choopsa chenicheni chili potsika. Mphamvu yonse imene galimoto idagwiritsa ntchito pokwera imabwerera potsika, ndipo iyenera kupita kwinakwake. Pa galimoto ndi chitunda chimene tatchula chija, mphamvuyo ndi yokwana kuwiritsa chidebe cha madzi cha malita 20. Dalaivala akatsika ali m'giya yaing'ono, injini imagwira gawo lalikulu la mphamvuyo. Akachotsa giya kuti galimoto izingotsetsereka yokha, pafupifupi moto wonsewo umathera m'mabuleki. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano amawira pa madigiri 205, koma akakalamba n'kuyamwa chinyezi amawira pa madigiri 140. Akawira, phazi limangolowa pansi popanda chogwira. Akazimitsa injini ndiye zimanyanya, chifukwa chothandizira mabuleki chimadalira injiniyo, ndipo munthu akaponda kawiri kapena katatu chopondera chimauma ngati mwala, chiwongolero nacho n'kulemera. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa galimoto zambiri za masiku ano palibe chimene amapulumutsa pochotsa giya. Galimoto ikamatsika ili m'giya, phazi litachoka pamoto, kompyuta ya injini imadula yokha mafuta, pamene ikachotsedwa m'giya injini imamwabe mafuta kuti isazime.

Zimenezi ndidaziona ndi maso anga kumayambiriro kwa 2012, mafuta atasowa. Tinkapita ku janaza chakunyanja, ndipo tidachita hayala galimoto ya matola. Ine ndi amene ndidakambirana mtengo ndi mwini wake, ndipo ndidamutsitsa kwambiri, ndikudziwa kuti petulo adamugula wa m'zigubu pamtengo wokwera. Kumbuyo kudakwera anthu oposa amene galimotoyo inkayenera kunyamula, ndipo ine ndidakhala kutsogolo. Titayamba kutsika mtsetse wautali, dalaivala adachotsa giya n'kuzimitsa injini. Ndidaona, koma ndidakhala chete. Pokhota pachitatu ndidamuona akuponda ndi mphamvu zake zonse, galimoto osamvera. Mwa chifundo cha Allah, mbali ya kumanzere kudali khoma la dothi, ndipo adaikhulitsa pamenepo mpaka idaima. Palibe adamwalira, koma mayi wina wachikulire adathyoka mkono, ndipo mpaka lero sugwira bwino. Dalaivalayo, akunjenjemera, adangoti, "A Mwalimu, ndimafuna mafuta atikwanire pobwerera." Petulo amene ankafuna kusunga sakadakwana ngakhale lita imodzi. Mlanduwo sudali wake yekha. Ine amene ndidafinya mtengo, ndi ife tonse amene tidadzazana kumbuyo, tidathandiza kuti msonkho wa phiri uchoke m'thumba n'kugwera pamkono wa mayi uja.

Amana ya panjira

Asilamu akale sadaione nkhani ya misewu ngati yakunja kwa chipembedzo. Mbiri imasimba kuti Khalifa Umar bin al-Khattab (Allah asangalale naye) ankaopa kuti ngakhale bulu atapunthwa ku Iraq, Allah adzamufunsa iye chifukwa chosasalaza njira. Zubaydah, mkazi wa Khalifa Harun al-Rashid, adawononga chuma chake pokumba zitsime ndi madamu m'njira ya mahaji yochokera ku Kufa kupita ku Makkah, ndipo njirayo imadziwikabe ndi dzina lake. M'mizinda ya Chisilamu mudali mkulu wotchedwa muhtasib, woyang'anira miyeso ya pamsika, amene ankaletsanso kusenzetsa nyama katundu woposa mphamvu zake ndi kudzaza bwato mopitirira muyeso. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adaphunzitsa kuti kuchotsa chopweteka panjira ndi sadaka, ndipo adalangiza munthu wina kuti ayambe wamanga ngamira yake kenako ayedzamire kwa Allah. Surat Al-Mutaffifin imachenjeza opungula miyeso, ndipo chenjezo limenelo likumukhudza wothira palafini mu dizilo, woika zitsulo zakutha n'kulipiritsa ngati zatsopano, ndi wogula chiphaso cha galimoto yosayenera kuyenda.

Kwa ife a lero, phunziro la mbiri imeneyi lili ndi mbali zitatu. Boma lili ndi gawo lake. Kuyambira 2006 misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority, ndipo ndalama zake zimasonkhanitsidwa ndi Roads Fund Administration, makamaka kudzera mu msonkho umene uli pa lita iliyonse ya mafuta. Mlimi wa ku Ntchisi amaulipira msonkhowo nthawi iliyonse akakwera kabaza, choncho ali ndi ufulu wofunsa za mlatho wa kwawo. Ntchito yomanganso msewu wa M1 kudzera ku Mponela ndi Madisi, imene idayamba mu 2022, ndi yoyamikika, koma misewu ya m'midzi ya m'mapiri ikufunabe ngalande ndi milatho yolimba.

Mwini galimoto ndi dalaivala ali ndi gawo lawo. Miyoyo ya okwera ndi amana m'manja mwawo. Kusunga mafuta kovomerezeka kulipo: kupopa matayala mokwanira, kusintha sefa ya mpweya panthawi yake, kusathamangitsa injini mopanda chifukwa, kuphatikiza maulendo awiri kukhala umodzi, ndi kusanyamula katundu wosafunika. Potsika, giya imene munthu adakwerera chitunda ndi yomwe ayenera kutsikira, ndipo pa galimoto yosintha yokha magiya pali malo olembedwa L, 2 kapena B a ntchito yomweyo. Mafuta a mabuleki asinthidwe pakatha zaka ziwiri zilizonse. Sienta idapangidwira anthu 7. Woikamo 12 ndi matumba a chimanga pamwamba wabwezeretsa mtolo wa tengatenga pamatupi a anthu, ngakhale iye akuona ngati wachenjera.

Okwera nafenso tili ndi gawo lathu, ndipo ili ndi limene ndidalephera tsiku lija. Tikapita ku janaza, ku nikah, ku ziyara kapena ku Eid, makomiti a mizikiti azilipira mtengo wokwanira mafuta a ulendo wonse, ndipo anthu akachuluka tizitenga galimoto yachiwiri kapena ena atsale. Munthu akaona dalaivala akuzimitsa injini pamtsetse alankhule nthawi yomweyo, mwaulemu koma mosazengereza. Akulu adati kuthamanga sikufika, ndipo swala ya janaza ya m'bale mmodzi isabale majanaza ena khumi.

Swahaba Jabir bin Abdillah (Allah asangalale naye) adasimba kuti paulendo ankachita takbir pokwera chitunda ndi tasbih potsika. Sunnah imeneyi ikuwayenera kwambiri anthu a m'mapiri athu. Pokwera, munthu amakumbukira kuti wamkulu ndi Allah, osati mphamvu ya injini yake. Potsika, amakumbukira kufooka kwake, ndipo kukumbukira kumeneko kuyenera kufika mpaka kudzanja logwira giya. Wophunzira wanga uja ndidadzamuuza pambuyo pake kuti ulendo wa masiku awiri udafupikadi kukhala wa maola awiri, koma phiri la Mvera silidafupike ngakhale ndi phazi limodzi, ndipo chilolezo chofupikitsa swala chidakalipo chifukwa Allah akudziwa kuti wapaulendo ndi munthu wosowa chitetezo m'nthawi iliyonse.

Tikupempha Allah kuti awachitire chifundo Asilamu onse amene adatsikira kumanda kudzera m'ngozi za m'misewu imeneyi, awachiritse ovulala, atonthoze mabanja onse oferedwa, ndi kutipatsa madalaivala oopa Iye ndi atsogoleri okumbukira bulu wa ku Iraq. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.